Usiku ku Manchinchi

Mzinda ukagona, mimba yake sigona.
Ndimaimva ikuguguda pansi pa majombo anga,
paipi yaikulu ikukhuthula
zonse zimene Lusaka wakana kuziyang'ana kawiri.

Ndine Gelesomu Daka, mlonda wa sefa yazitsulo.
Chokokolera changa chinali ndi mano khumi ndi awiri,
limodzi linathyoka chaka cha kolera.
Ndimakokola matewera, zitsekerero za mabotolo,
tsitsi logula kumsika, miswachi yotha,
Lachiwiri lapitali kiyi wa galimoto
ndi theka la chithunzi cha ukwati:
mkwatibwi yekha, mwamuna anang'ambidwa.
Ndinamuyanika pakhoma la kanyumba ka mapampu.
Akumwetulirabe.

Kuno madzi safunsana kumene achokera.
A kumayadi, a kuchipatala, a kuhotela ya nyenyezi zisanu,
ndi matope a m'zimbudzi za ku Kanyama
obwera pa malole opopa m'mamawa,
onse amalowa khomo limodzi
atavala mtundu umodzi.

M'mathanki ozungulira ndimawauza kuti khalani pansi.
Cholemera chimamira, mafuta amayandama,
mkono wachitsulo umazungulira pamwamba pa miyala
kuwaza, kuwaza,
ndipo tizilombo tosaoneka ndi maso
timadya ntchito yathu popanda malipiro.
Magetsi akathima mkonowo umaima njii.
Koma mzinda suima.
Pamenepo ndimangogwira tochi
kuyang'ana madzi akuda akudutsa osasamba,
ngati mlendo amene ndalephera kumupatsa mpando.

M'minibasi ya ku Mandevu anthu amandisiyira malo aakulu.
Kondakitala amalandira ndalama yanga ndi zala ziwiri.
Mkazi wanga anakhoma msomali panja, pa mtengo wa mapeyala:
ovolosi imagona pamenepo, siilowa m'nyumba.
Sindidandaula. Fungo ndi la tonse,
ine ndimangolinyamulira anzanga.

Dzulo Esinati, wa giredi sikisi,
anayala mapu a kusukulu pamphasa.
Chala chake chinayamba pa madamu a ku Garden
pamene akakowa amaima ndi mwendo umodzi,
chinatsata Ngwerere pakati pa madimba a repu,
chinalowa Chongwe, chinagwera mu Zambezi,
chinawoloka malire popanda pasipoti
mpaka pepala lonse linasanduka buluu.
Atate, akutero, madzi anu amafika kunyanja yamchere.

Ine nyanja yamchere sindinaionepo.
Lusaka ndi fumbi ndi miyala ya laimu,
gombe lathu ndi khoma la simenti.
Koma usiku uno ndikuganiza za iwe,
munthu wa kumathero kwa mtsinje,
amene ukutsuka ukonde kapena nkhope ya mwana
m'madzi amene anadutsa m'manja mwanga mwezi wathawu.
Dzina lako sindilidziwa, chinenero chako sindichimva.
Kodi unalawapo usiku uja pampu inafa?
Ngati unalawa, pepa.
Ndinalemba lipoti. Sipeya akuti ikubwera.

Ndipo repu wa ku Ngwerere uja
amabwerera pa njinga kukacha,
mitolo yobiriwira bii pa msika wa Soweto,
ndiye amene amanditseka mphuno m'basi
amagula, amakazinga, amanyambita zala.
Zimene wataya zimadziwa njira ya kwanu.

Faifi koloko. Mipope ikutsegulidwa m'nyumba zikwizikwi,
mzinda ukutsokomola, ukusamba, ukukoka tcheni.
Madzi akwera kufika pa mzere wofiira.
Tiyi wanga wazizira m'chikopo.
Pa sefa pakodwa pulasitiki yakuda, ina,
yotupa ngati chule.
Ndikuwerama, msana ukulira,
ndaikoka.

Imeneyi sifika kwa iwe.